Za Kutumikira Mulungu mu Ukalamba

Mau amene mphunzitsi wa kumudzi ananena kwa Akristu ndi akatekisti pa tsiku la Jubile ya Misyoni



Ife amene taimirira pano sitiri anthu ophunzira. Sukulu yathu inathera m'makalasi a pulaimale a Misyoni, ndipo nchito yathu ndiyo kuphunzitsa ana a kumudzi kuwerenga ndi kulemba, ndi kuthandizako pa katekisimu tsiku la Mulungu. Pamene akulu a mpingo anatipempha kuti tinenepo mau pa cikondwerero ici, tinayamba takana, pakuti alipo ambiri otiposa nzeru. Koma tinakumbuka kuti tiri ndi mangawa kwa nkhalamba ina imene inagona kale, ndipo mangawawo tifuna kubwezako lero pamaso panu.

Pa tsiku la Jubile maso a anthu athamangira ku zinthu zooneka: chalichi, nyumba za sukulu, ndi mitengo imene anabzala otitsogolera. Nkwabwino kutero. Koma ife tipempha kuti muceuke, muyang'ane pa mabenci ndi pa mikeka pamene pakhala anthu a imvi, ena atagwira ndodo, ena atafunda mabulangete cifukwa ca mphepo ya kumapiri kuno. Amenewa ndiwo nkhani yathu. Kodi munthu amene watumikira Eklezia zaka 30 kapena 40, maondo akayamba kukana ndi maso kucita cidima, nchito yace yatha? Ndipo ngati siinathe, iye acite ciani, ndi ife obwera m'mbuyo ticite naye ciani?

Tiyambe ndi kukumbuka kumene tinacokera. Ansembe a cipani ca White Fathers anamanga Misyoni ya Mua m'caka ca 1902, kunsi kwa mapiri ano, moyang'anana ndi nyanja. M'caka ca 1908 anatsegula Mtakataka, m'dziko la Inkosi Kachindamoto, ndipo m'caka ca 1910 anakwera kuno ku Bembeke, kumene kuli mphepo yopumitsa anthu otopa ndi kutentha ndi malungo a kucigwa. Ansembe anali owerengeka, koma midzi inali yosawerengeka. Amene ananyamula Mau a Mulungu kuwafikitsa khomo ndi khomo ndiwo aphunzitsi a kumidzi, amene lero tiwacha akatekisti. Iwo anayenda pansi, naphunzitsa m'zisakasa za udzu, nayang'anira akatekumeni amene masiku aja anali kudikira zaka zinai asanalandire ubatizo. Malipiro ao anali ocepa, ndipo maina a ambiri a iwo satsala pena ponse koma m'mabuku a ubatizo ndi m'mitima ya adzukulu ao. Nchito imeneyi iri ndi akulu ace lero lomwe, ndipo ena a iwo ali pakati pathu.

Tsono taonani zitsanzo za abusa atatu a dziko lino, m'mene anaufikira ukalamba wao.

Ambuye Mathurin Guillemé anabadwa ku France m'caka ca 1859, nafika ku Africa m'caka ca 1884. Iwo anali pakati pa otsogolera pa kuyamba kwa Mua ndi Kachebere, ndipo kuyambira caka ca 1911 anakhala Episkopi wa dera lonse lino. M'caka ca 1934, ali pafupi ndi zaka 75, anatula udindo wao, Ambuye Julien nalowa m'malo mwao. Akadafuna akadaoloka nyanja kukapuma kwao. Koma anakhala pakati pa ana amene anawabala m'cikhulupiriro, namwalira ku Likuni m'caka ca 1942, ali ndi zaka 82. Anatula ndodo ya ubusa, koma nkhosa sanazisiye.

Ambuye Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua, anabadwa m'caka ca 1909. M'caka ca 1937 anadzozedwa unsembe, woyamba mwa ana a dziko lino mu Eklezia Katolika, ndipo m'caka ca 1957 anakhala Episkopi, woyambanso mwa ana a dziko lino, naweta Akristu a Dedza kufikira imfa yao m'caka ca 1984. Iwo imfa inawapeza ali pa nchito, ali ndi zaka 74.

Ambuye Patrick Kalilombe, obadwiranso ku Mua m'caka ca 1933, anakhala Episkopi wa Lilongwe m'caka ca 1972, nalimbikitsa kwambiri miphakati imene tiri nayo lero m'midzi mwathu. Cifukwa ca ndale za masiku aja anacoka m'dziko lino, natula udindo m'caka ca 1979, nakhala zaka zambiri kunja, makamaka ku Birmingham. Atabwerera kwao, tsitsi litayamba kuyera, sanakhale pansi ai, koma anaphunzitsa za Mulungu pa Chancellor College ku Zomba, namwalira m'caka ca 2012, ali ndi zaka 79.

Mmodzi anatula udindo nakhala pakati pa anthu. Wina anafera pa udindo. Wina anasiya nchito imodzi nagwira yina. Njira zitatu, koma palibe mmodzi yense amene ananena kuti, Ndatha naye Mulungu. Ndi Apapa a masiku athu momwemonso. Papa Yohane Paulo II, amene anaponda dziko la Malawi m'caka ca 1989, anasenza udindo ali wodwala kufikira imfa yace m'caka ca 2005. Papa Benedikito XVI, poona kuti mphamvu zacepa, anatula udindo m'caka ca 2013 ali ndi zaka 85, nakhala m'mapemphero kufikira caka ca 2022. Ndipo lamulo la Eklezia lipempha Episkopi ndi wansembe woyang'anira parishi kuti akakwanitsa zaka 75 apereke kalata yotula udindo. Koma lamulolo silimcotsera unsembe wace, kapena kumletsa kupempherera anthu ace.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'buku la Numeri, mutu 8, tiwerenga za Alevi otumikira m'cihema ca Mulungu, kuti pofika zaka 50 anali kuleka nchito yolemetsa, koma anali kutsala pamodzi ndi abale ao kuwathandiza ndi kuyang'anira. Sanawapitikitse ku cihema, anangowatula katundu. Ndipo mu Mthenga wa Luka, mutu 2, pamene Mwana Yezu anaperekedwa m'nyumba ya Mulungu, amene anamzindikira si anyamata amphamvu kapena alembi ophunzira, koma Simeoni amene anali kungodikira imfa yace, ndi Anna, mai wamasiye wa zaka zosacepera 84, amene nchito yace inali kupemphera ndi kusala kudya. Cotero ciphunzitso cathu lero ndi cimodzi cokha: ukalamba usintha katundu wa mtumiki, koma suthetsa utumiki wace.

Mau amenewa ndi osabvuta kunena pa tsiku la cikondwerero. Ife tinawaphunzira mwa manyazi, ndipo tikuuzani m'mene zinakhalira.

Kwathu, ku chalichi cina ca kumudzi cimene siticichula dzina, kunali mkatekisti amene anatiphunzitsa ife cizindikiro ca mtanda tisanadziwe kugwira coko. Zaka zoposa 30 iye ndiye anali kuliza belu, kutsogolera mapemphero masiku amene wansembe sanafike, kuika maliro ndi kulangiza ofuna ukwati. Pofika ku ukalamba ng'ala inagwa m'maso mwace. Tsiku lina la Mulungu, powerenga Mau, anasokera mzere, nabwereza pamene anawerenga kale, nasokeranso. Anyamata a kumbuyo anayamba kuseka, ndipo cisekoco cinafalikira. Ife masiku amenewo tinali mlembi wa bungwe la chalichi. Tinakumana madzulo ace, tinagwirizana kuti nthawi yakwana yakuti mnyamata wina wophunzira alowe m'malo. Kufikira pamenepo sitinalakwe, pakuti Mau a Mulungu ayenera kumveka bwino. Kulakwa kwathu kunali uku: sitinapite tokha kukakhala naye pansi, koma tinatuma mwana wa sukulu kuti akatenge buku ndi makiyi a chalichi. Mkuluyo anapereka, wosanena kanthu. Ndipo m'malo mwa buku limene tinacotsa m'manja mwace sitinaikemo kanthu kena.

Masabata oyamba anali kubwera, nakhala pa benci la kumbuyo pafupi ndi khomo. Itafika miyezi ya cisanu, nkhungu itaphimba mapiri, analeka kubwera. Njira yathu ya ku sukulu inali kudzera kuseri kwa nkhokwe yace, koma kuyambira nyengo yokolola kufikira mvula yoyamba sitinaponde pa khomo pace. Tinali kudzinyenga kuti tatanganidwa. Koma coonadi cace ndi cakuti tinali kuopa maso ace, angakhale anali maso osapenya.

Usiku wina wa dzinja, mvula iri kugwa, kunafika mwana kudzagogoda. Agogo ace, mmodzi wa akulu a kudambwe, anali pafupi kutsirizika, ndipo anapempha ubatizo. Mkulu ameneyu ndi mkatekisti wathu uja anakangana zaka zambiri pa za anyamata a m'mudzi, wina kuwakokera uku, wina uko. Wansembe anali kutali, ndipo mitsinje inali itadzala. Tinadzutsa mkatekisti watsopano, tinapita awiri ndi nyali ndi buku. Wodwalayo atatiyang'ana anati: "Inu ndinu ana. Kandiitanireni mnzanga uja. Iye ndiye adziwa zimene ndinacita, ndipo ndifuna kulankhula naye."

Abale athu, njira ya ku nyumba ya mkulu uja inatalika usiku umenewo. Tinagwada pa khomo, tinanena cimene tadzera. Iye sanafunse cifukwa cace tinasowa miyezi yonseyo, anangoti, "Ndipatseni ndodo yanga ndi korona." Tinamkweza pa njinga ndi kumkankha m'matope, ndipo pa mtsinje tinamubereka kumsana. Atafika, nkhalamba ziwirizo zinalankhulana nthawi yaitali, ife tiri panja pa khonde. Pambuyo pace anatiitana. Mkatekisti wokalambayo anafunsa mafunso onse a cikhulupiriro wopanda buku, wosaphonya ndi limodzi lomwe, wodwalayo nabvomera. Itakwana nthawi ya madzi, tinampatsa cikho, koma iye anaitana mnyamata amene analowa m'malo mwace, nati: "Manja anga anjenjemera, mwana wanga. Thira ndiwe, ndipo unene mau. Ine ndimgwira dzanja." Cotero wamng'ono anabatiza, wamkulu atagwira dzanja la mnzace wakale. Kusanace wodwalayo anapuma.

Pobwerera tinapempha cikhululukiro. Yankho lace tiri nalo m'makutu kufikira lero: "Buku munatenga bwino, aphunzitsi, pakuti maso anga anatha. Koma mukadabwera nokha ndikadakupatsani ndi manja awiri, ndi kukuuzani mabanja amene ali kugwedezeka ndi odwala amene sanalapebe. Zimenezo sizinalembedwe m'bukumo." Kuyambira sabata lomwelo akatekumeni anali kupita pa khonde pace Lacitatu liri lonse, ndipo milandu ya mabanja yobvuta tinali kuyamba taitula kwa iye. Anatumikira motero zaka zinai, nagona mu mtendere. Akale anati, galu wamkota sakandira pacabe. Ife tinatsala pang'ono kutaya zaka zinai zimenezo cifukwa ca ciseko ca tsiku limodzi.

Tsono tilankhule ndi inu, agogo athu ndi makolo athu m'cikhulupiriro, ndipo mutikhululukire ngati mwana alangiza akulu. Musanene mumtima mwanu kuti, Ine ndatha nchito, ndingodikira manda. Ziripo nchito zimene ife sitingazithe, koma inu. Yoyamba ndiyo pemphero: ife tithamanga ndi minda ya mbatatesi ndi nyemba, misika ndi sukulu, inu Mulungu wakupatsani nthawi, ndipo korona wonenedwa pa mphasa afika kumwamba monga wonenedwa m'chalichi. Yaciwiri ndiyo kuyanjanitsa: banja likagwedezeka, mau a mnyamata amveka ngati cipongwe, koma mau a imvi amveka ngati mankhwala, paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Yacitatu ndiyo adzukulu: m'midzi yambiri ana aleredwa ndi agogo, makolo ao atapita ku nchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kapena atamwalira, ndipo mwana aphunzira kupemphera pa moto wa madzulo asanaone mphunzitsi. Yacinai ndiyo kukhala pafupi ndi otsirizika, pakuti munthu amene ali pafupi ndi ulendo amvera bwino mnzace wa msinkhu umodzi.

Koma tipemphanso cinthu cimodzi cobvuta. Musaumirire makiyi. Alipo akulu ena amene aona udindo ngati munda wa makolo ao, nakwiya akaona mnyamata ali kuwerenga bwino kuposa iwo, nanena masiku onse kuti zonse zinali bwino kale. Mose anasanjika manja pa Yoswa iye ali moyo, pamaso pa anthu onse. Sankhani mwana mmodzi kapena awiri mukali ndi mphamvu. Yendani nao ku maliro ndi kwa odwala. Muwaonetse khomo liri lonse ndi mbiri yace. Mukatero, tsiku lotula katundu lidzakhala tsiku la ulemu, si la manyazi ai.

Ndipo inu anzathu a msinkhu wathu, ndi inu anyamata ndi atsikana a m'makwaya ndi m'mabungwe, imvani zimene tipempha kuti tipangane pa Jubile ino.

Coyamba, mtumiki wokalamba akafika potula udindo, akulu a bungwe apite okha kwao, akhale naye pansi, ndipo mpingo umthokoze poyera m'chalichi. Asacotsedwe kanthu m'manja mwace osaikamo kena: akatekumeni oti awalangize, odwala oti awapempherere, mpando m'bungwe pamene mau ace amveke.

Caciwiri, mphakati uli wonse udziwe maina a okalamba ace amene sathanso kufika ku chalichi, uuze wansembe, kuti alape ndi kulandira Ukaristia kunyumba kwao. Amene ali ndi njinga kapena ngolo akumbuke kuti kunyamula nkhalamba kupita nayo ku Misa ndi nchito ya Mulungu.

Cacitatu, tisamale matupi ao. Papa Fransisko, m'caka ca 2021, anaika tsiku la Mulungu lacinai la mwezi wa Julaye kuti likhale tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba, pafupi ndi cikondwerero ca Yoakimu ndi Anna oyera. Ku Roma mwezi umenewo ndi wotentha, koma kuno ndiwo mwezi umene cisanu cilowa m'mafupa. Cotero kwa ife tsikulo likhale la mtolo wa nkhuni, bulangete, ndi kufolera denga lodontha mvula isanadze. Ndipo dziwani kuti ng'ala si cilango ca ukalamba cosacizika: madokotala a maso, monga a ku cipatala ca Nkhoma, amaicotsa, munthu napenyanso. Ife tikadafulumira kumtengera kumeneko mphunzitsi wathu, kapena akadawerenga Mau zaka zina.

Cacinai, tilembe zimene akumbuka. Buku la Jubile lino likadanenepa kawiri tikadafunsa akulu amene tinawaika m'manda zaka khumi zapitazi. Mphunzitsi ali yense atenge kope, akhale pa khonde la nkhalamba, alembe za amene anayamba chalichi ca m'mudzi mwao, ndi nyimbo ndi mabvuto a masiku aja.

Cacisanu ndi colemera koposa. M'dziko lathu okalamba ambiri anenezedwa ufiti, ena kupitikitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, monga anai aja a ku Neno m'caka ca 2016. M'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo liri ku Lilongwe, ndipo mai wokalamba ali yekha m'kanyumba kace kumapeto kwa mudzi. Amene ali naye pafupi ndife. Mai amene anasesa chalichi zaka 40, akayamba kuiwala ndi kulankhula yekha, ameneyo ndi wodwala wofuna cisamaliro. Mkristu amene akhala cete pamene nkhalamba iri kunenezedwa, ameneyo wabvomera bodzalo.

Abale athu okondedwa, Jubile yina idzafika, ndipo ena a ife tidzakhala pa mabenci awo, ndodo iri m'manja. Ana amene ali kutipenya lero adzacita nafe monga ationa ife tiri kucita ndi akulu athu. Ife tinatuma mwana kukatenga makiyi, ndipo mwanayo lero ndi bambo wa ndevu, ali m'bungwe la chalichi cathu. Tsiku lina adzabwera kudzatenga buku m'manja mwathu. Tipempha Mulungu kuti adzabwere yekha, ndi kuti ife tidzampatse ndi manja awiri.

Inu agogo athu, tikuthokozani cifukwa ca mapazi anu amene anatha m'njira za mapiri ano. Musatope nafe, tipempherereni, tidzudzuleni, tiphunzitseni. Mulungu amene anakuitanani muli anyamata sanabweze mau ace. Iye akusungeni, atisungenso ife tonse, kufikira tsiku limene adzatitula yekha katundu wathu.